Za Kasamukidwe ka Munthu wa Lendi ku Chawama

Kusamuka, komwe ndi kuchotsa banja ndi katundu m'nyumba ya munthu wina n'kukazilowetsa m'nyumba ya munthu winanso, ndi ntchito imene anthu a lendi a m'komboni ya Chawama, kummwera kwa mzinda wa Lusaka, amaichita kawirikawiri ngakhale kuti palibe sukulu imene imaiphunzitsa. Mlembi wa danga lino, amene wavumbwapo ndi mvula pansi pa malata a anthu osiyanasiyana kuyambira ku Kuku mpaka ku John Howard koma sanakhomepo msomali pakhoma lakelake, amadziwerengera pakati pa akatswiri a phunziroli, ndipo atalisinkhasinkha kwa nthawi yaitali wapeza kuti dongosolo lonse la kusamuka limatumikira cholinga chimodzi, chomwe ndi kuteteza mwini katundu kuti umphawi wake usaonekere kwa anansi. Za mbale zosweka ndi mipando yothyoka miyendo zimabwera pambuyo.

Anthu a ku Chawama ali m'magulu awiri. Loyamba linapindula ndi lamulo la mu 1974 lotchedwa Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, limene linavomereza makomboni amene kale ankatengedwa ngati omangidwa mozemba boma ndi kupatsa eni nyumba chikalata chowalola kukhala pamalowo zaka 30, pa nyengo yomwe ngongole ya World Bank inkabweretsa misewu ndi mipopi ya madzi ku Chawama, ku George ndi kumakomboni ena. Ana ndi adzukulu a gululi anamanga midadada, yomwe ndi mizere ya zipinda zolumikizana zokhala ndi chimbudzi chimodzi kuseri, ndipo lero amatchedwa alandilodi. Gulu lachiwiri, momwe muli mlembiyu, linafika malo atatha, ndipo chikalata chake ndi kabuku kolembamo lendi. Mbiri imasunga kusamuka kumodzi kokha kwa kudera lino kumene kunayenda popanda kukangana za madalaivala, kwa malemu Edgar Lungu, amene anasankhidwa kukhala phungu wa Chawama mu 2011 nakalowa ku State House mu Januwale 2015, koma njira imeneyo ndi yopapatiza ndipo mlembi sailimbikitsa kwa munthu wa ana ambiri.

Nyumba imapezeka kudzera mwa ejenti, yemwe ndi munthu wopanda nyumba amene amalandira ndalama poonetsa anzake opanda nyumba zitseko za nyumba za eni. Iyeyu amalipidwa ya kuona kokha, kaya chitseko chatseguka kaya mwini kiyi wapita kumaliro ku Petauke. Chofunika kuposa ejenti ndi mwezi woonera nyumbayo. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pamwamba pa mwala wa laimu, ndipo kummwera ndi kumadzulo kwa mzindawu madzi a pansi ali pafupi kwambiri, kotero kuti mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo ikalimbika, madzi amasowa kolowera, amadzaza zimbudzi zokumba, kenako amadzacheza pabalaza osagogoda. Mu 2010 mabanja ena a m'makomboni a mbali ino anakagona m'matenti ku Independence Stadium chifukwa cha madzi omwewa. Munthu wanzeru tsono amaona nyumba mu Febuluwale atavala majombo, kapena akaiona m'chilimwe amafufuza mzere wakuda m'munsi mwa khoma ndi matumba a mchenga obisidwa kuseri kwa chitseko. Mlembiyu amakonda kuona nyumba mu Okutobala, poti ndi mwezi umene nsapato zake zimabwerako zili zoyera, ndipo amachita chidwi kwambiri ndi alandilodi aukhondo amene amapenta khoma kuyambira pansi n'kulekeza m'mawondo.

Ndalama yolowera imachokera ku chilimba, chomwe ku Malawi amati chipereganyu, kapena, chilimba chikapita kwa wina mwezi umenewo, ku kaloba, yemwe ndi katapila wa kuno. Dziko la Zambia lili ndi lamulo la lendi la mu 1972, Rent Act, lomwe limanena kuti mwini nyumba sangalande katundu wa munthu chifukwa cha ngongole ya lendi popanda chilolezo cha khoti. Mlembi amalidziwa bwino lamuloli ndipo amalitchula mwamphamvu kwa akazi ake usiku, chitseko chili chotseka. M'mawa akakumana ndi alandilodi pampopi amayamba wafunsa za m'mene miyendo yawo yadzukira.

Mutu weniweni wa phunziroli ndi galimoto. Pali njira ziwiri zodziwika: Canter, kalole kakang'ono kamene kamadikira ntchito m'mbali mwa misika, ndi Zamcab, yomwe ndi wilibala yowonjezeredwa zitsulo kutsogolo imene inatenga dzina la kampani yakale ya matakisi. Kuwerengera koona mtima kumasonyeza kuti chuma chonse cha mlembiyu chikhoza kukwana m'mawilibala awiri, ndi malo a mwana wotsiriza pamwamba. Koma munthu wolowa pamalo atsopano ndi wilibala wadziweruza yekha, popeza amayi okhala pamakhonde a mdadada amamaliza kalembera wa katundu wake asanamulonjere n'komwe, ndipo zotsatira za kalemberayo zimafika pakantemba, kagolosale ka pakhomo, kumene zimakasandulika chigamulo cha ngati mlendoyo angakongozedwe shuga. Mlembi tsono amaitana Canter, ndipo vuto limene limatsala ndi la kuidzaza. Apa m'pamene pamagwira ntchito makatoni opanda kanthu omatidwa bwino, amene ayenera kunyamulidwa ndi anthu awiri mobuula, pamodzi ndi zikwama za Ukwa, zija za pulasitiki zamizeremizere, zofutukulidwa ndi salaula, zovala za kaunjika zimene ana anazisiya kale. Kaikidwe kake kali ndi malamulo. Mbaula, thumba la makala, amene pa Lusaka amati malasha, ndi ndowa yogwiritsa ntchito usiku zimalowa pansi penipeni; matiresi, amene ali ndi mapu a maiko onse omwe ana anajambula ali m'tulo, amakulungidwa m'chitenje cholemekezeka; firiji imaima kutsogolo, poonekera onse. Firiji ya mlembiyu inasiya kuzizira kalekale ndipo imasunga mabuku a sukulu, koma chilala cha mu 2024, chimene chinachepetsa kwambiri madzi m'nyanja ya Kariba ndi kuchititsa kuti magetsi azizima pafupifupi tsiku lonse, chinaibwezera ulemu wake, pakuti m'miyezi imeneyo panalibe amene akanasiyanitsa firiji yamoyo ndi yakufa.

Za nthawi yonyamukira akatswiri sagwirizana. Wosamuka usiku amabisa katundu wake koma amasiya mbiri yoti wathawa ndi lendi, ndipo mbiri imeneyi imafika kunyumba yatsopano iye asanafike. Wosamuka masana amayera pamaso pa alandilodi koma amagwa m'manja mwa anyamata othandiza, amene palibe anawaitana, amene amagwira mwendo umodzi wa tebulo anthu anayi, ndipo pomaliza amaima pamzere nanena mwaulemu kuti: “Amdala, tiganizireniko ya madzi.” Mlembi amasankha m'bandakucha, nthawi imene amaganiza kuti ndi yachinsinsi, ngakhale kuti ndi nthawi yomweyo imene amayi onse a m'deralo amakhala pamzere wa madzi ndi zigubu zawo za malita 20, maso ali kumsewu.

Pa tsikulo mlembi amakhala ndi pepala la ndondomeko m'thumba, lolembedwa ndi manambala, ndipo amakwera kutsogolo pafupi ndi dalaivala kuti azilozera njira, ntchito imene imafuna munthu wophunzira. Amake ana, amene sanalione pepalalo, ndi amene amadziwa kumene kuli mthiko, amene anabweza sefa ya anansi, amene anakambirana kale ndi akazi a alandilodi atsopano za tsiku lotsuka chimbudzi ndi za kagawidwe ka mayunitsi a mita imodzi ya magetsi, nkhani imene imasanduka mlandu pakangopezeka nyumba ina yokhala ndi ayironi. Dzuwa likamalowa zimadziwika kuti wotuluka m'nyumbamo anachotsa mababu onse pamodzi ndi loko, monga mwa mwambo, ndipo banja limatembenukira kwa mutu wake kufunsa mababu amene iyenso anachotsa kunyumba yakale. Iwo amapezeka mosavuta, pakuti pepala la ndondomeko linalemba momveka bwino kuti aikidwe m'thumba lakumbuyo la buluku, limene mwini wake wakhalira ulendo wonse m'mabampu a ku Chawama.