Mulungu Awasunge Atcheya Athu

Amayi anga adandiphunzitsa kuti munthu akakuchitira zabwino uzimuthokoza pagulu. Choncho ndikuthokoza kontilakita uja, dzina ndasunga, amene adabwera kwathu mu Okutobala n'kukhuthula milu ya girevulo m'mbali mwa msewu wathu, nalonjeza kuti gireda ifika Lolemba kudzasalaza. Sadatchule kuti Lolemba lake ndi la chaka chiti. Mvula yoyamba itagwa, milu ija idakokolokera m'ngalande n'kuzitseka, madzi adasowa kolowera n'kumanga mudzi pakati pa msewu, ndipo malo amene kale ankangovutitsa njinga lero akumiza Canter mpaka nyali. Mudzi wonse ukutukwana. Amfumu adaitanitsa msonkhano. Ine ndidapita, ndidakhala kumbuyo n'kumapukusa mutu mwachisoni, uku zala zili m'thumba zikuwonkhetsa ndalama.

Paja ine ndine mwini kampani yokoka magalimoto otitimira. Musaseke. Kampaniyo ili ndi ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Kapiteni, goli limodzi, tcheni, fosholo, khasu, matabwa angapo ndi mwana wa mlongo wanga amene ntchito yake ndi kukuwa. Msungichuma ndi amake ana, ndipo buku lawo la ndalama ine mwini kampani sindinalionepo. Koma mutu wa zonse, amene popanda iwo tonse tikanagona ndi njala, ndi chithaphwi chachikulu cha padambo, pamene kamsewu kathu kamawolokera kupita ku boma la Lundazi. Timawatchula kuti Atcheya. Salandira malipiro, sapempha alawansi ya msonkhano, sachoka pa ofesi usana ndi usiku. Amameza Corolla ngati mbamu ya nsima ya therere, osatafuna.

Anyamata omaliza Giredi 12 amene ntchito ikuwazemba akhala akundifunsa chinsinsi cha bizinesiyi. Lero ndiwauza kwaulere, msungichuma asanadziwe.

Choyamba, musathamangire kugula breakdown. Yambani mwapeza Atcheya anu. Galimoto yokokera anzake ndi chitsulo chabe ngati palibe wokutumizirani makasitomala. Kuchokera ku Chipata kufika kuno ndi pafupifupi makilomita 180, ndipo mwini breakdown ya kumeneko akaitanidwa amawerengera dizilo wobwerera ndi wopitira, ndiye kuti musanakokedwe n'komwe mwagulitsa kale mbuzi. Kuyambira 2022 a ERB adayamba kumalengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, moti mtengo umene mudamva pamaliro mwezi watha si umene mungaumve lero. Mwini Corolla akamva zimenezi pafoni amatembenuka n'kuyang'ana Bulaki ndi chikondi chatsopano. Udzu wa padambo sukhala ndi bungwe loukhalira pansi kumapeto kwa mwezi. Komatu nanunso mukadzagula galimoto yanu, dzawerengereni ulendo wonse, kupita ndi kubwera, matayala ndi oilo yemwe. Ndipo musaganize kuti ng'ombe zilibe sevisi. Kuno kum'mawa chigodola chimabwera ndi nkhupakupa, ndipo amene amaumira pa mankhwala odipira amadzuka m'mawa n'kupeza theka la kampani litagona chammbali.

Chachiwiri, mtengo muzigwirizana tcheni chisanamangidwe. Munthu ali m'matope mpaka m'mawondo ndi mfumu yopatsa. "Adada, tovwirani," amatero, manja ali pachifuwa, akulonjeza mbuzi, nkhuku ndi mwana wake wamkazi wa ku koleji kuti adzaphunzitse ana anu masamu. Matayala akangoponda pouma amakumbukira kuti agogo ake aakazi anali a kwa Phiri, inunso amayi anu ndi a kwa Phiri, ndiye pachibale ndalama ilowapo bwanji? Ku Lundazi kuno aliyense ndi m'bale wa aliyense, Banda, Nyirenda, Zimba, Mtonga, mukafufuza bwino mpaka Kapiteni angapezeke kuti ndi msuweni wa wina. "Yewo chomene" ndi mawu okoma, koma pagolosale salandira. Wonena kuti atumiza pa Airtel Money akafika ku boma, muperekezeni mwaulemu pachulu chili apo, pamene netiweki imagwira, atumize muli pompo. Musanakhudze galimoto ijambuleni pafoni mbali zonse, chifukwa chibowo chimene idabwera nacho kuchokera ku Nakonde mawa chidzakhala cha Bulaki.

Chachitatu, kukoka kumabwera pomaliza. Dalaivala wa m'tauni akatitimira amaponda moto mpaka utsi, matayala n'kumazungulira pamalo amodzi akudzikumbira manda. Atcheya amasangalala kwambiri ndi anthu otere, ndipo ine monga wantchito wawo sindithamangira kuletsa. Koma ntchito ikayamba, tsitsani anthu, tsitsani matumba a feteleza, kumbani kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa mimba ya galimoto pamene yakhalira dothi, yalani matabwa kapena nthambi, phwetsani matayala pang'ono kuti aponde motambalala. Dothi lathu la makande likagwira chitsulo silisiya msanga, ndipo fosholo imachita theka la ntchito imene anthu amayamikira ng'ombe.

Pomanga, funani ngowe imene opanga galimoto adaiikira ntchito imeneyi, kapena chasisi yeniyeni. Osati bampala, osati zitsulo za chiwongolero, osatinso kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kuja, chifukwa kakathyoka kamauluka ndipo kadaphapo anthu. Mnzanga wina wa thirakitala, amene amadzitcha mpikisano wanga, adamanga Noah ya alendo pa bampala. Adaponda moto, kudamveka phokoso, iye osacheuka, adakwera mtunda wonse akuimba mluzu, kumbuyo kukukwekwereka bampala ndi nambala yake. Noah idatsala pomwepo, mano pamtunda, azimayi a ku ukwati ali m'katimo ndi makeke pamiyendo. Atcheya sadanene kanthu, koma tonse tidaona kuti akondwa.

Kokani pang'onopang'ono. Tcheni sichitamuka, ndiye mukachigwedeza mwadzidzidzi chimadula kapena kudulitsa. Ponyani thumba lonyowa pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwe pansi m'malo mokwapula munthu. Ndipo thamangitsani oonerera. Galimoto ikatitimira pamabwera akatswiri makumi awiri amene sadayendetsepo ngakhale wilibala, aliyense ndi langizo lake, ana ali patsogolo. Onsewo aime patali kuposa kutalika kwa chingwe. Pamenepa mpomwe mwana wa mlongo wanga amagwirira malipiro ake.

Chachinayi, dziwani pamene mphamvu yanu yathera. Magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan masiku ano ndi a otomatiki. Kuitulutsa m'matope palibe vuto, koma kuikoka mtunda wautali injini ili chete, matayala oyendetsa ali pansi, ndiko kuphika giyabokosi, poti mafuta ake sazungulira injini ikazima. Imeneyo imafuna kunyamulidwa. Ngakhale ya manyuwalo, injini ikazima mabuleki amauma ndipo chiwongolero chimalemera, ndiye wokhala m'katimo akhale munthu wosamwa, kiyi ali potsegula kuti chiwongolero chisadzitseke pakona. Galimoto imene yamwa madzi musayese kuiliza, mungapinde zitsulo za m'kati mwa injini n'kusandutsa ngongole ya nkhuku kukhala ya ng'ombe. Mtsinje ukasefukira dikirani, ngakhale mwini galimoto atalonjeza chiyani. Pamsewu wa tala ikani matrayango enieni kutsogolo ndi kumbuyo, nthambi za mango zisiyireni mbuzi. Pangozi imene anthu avulala, yambani anthuwo, ndipo chitsulocho musachisunthe apolisi asanachione.

Chachisanu, mapepala. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA, laisensi ya malonda ku khonsolo, ndipo mukakhala ndi galimoto yeniyeni a RTSA adzafuna fitinesi, msonkho wa pamsewu ndi inshuwalansi. Ine fomu ndidaitenga, ili m'Baibulo. Pamene pandiimitsa ndi pofunsa NRC ya madairekitala. Atcheya alibe. Tsiku lobadwa palibe amene akulikumbuka. Agogo ena amati adawapeza ali kale pamenepo nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mu 1991 maboma atasinthana iwo sadasunthe. Mu 2018 Lundazi idabereka maboma awiri, Chasefu ndi Lumezi, ndipo Atcheya posafuna kutsalira adaberekanso tizithaphwi tiwiri kutsidya kwa dambo, timene tikukula bwino. Alendo amabwera kudzajambula nyumba yachifumu imene bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button adamanga ku boma, imene lero ndi Castle Hotel. Ndikuganiza zolembera a zachikhalidwe kuti nawonso Atcheya aikiridwe chikwangwani, poti pa zinthu zakale za boma lino iwo okha ndiwo akugwirabe ntchito imene adayamba nayo.

Chachisanu ndi chimodzi, bizinesiyi ili ndi nyengo. Ndalama imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ikafika Meyi Atcheya amapita kutchuthi, pamalo pawo pamangotsala ming'alu ndi fumbi, ndipo Bulaki ndi Kapiteni amabwerera ku ngolo kukatuta thonje, mtedza ndi soya. Wosasunga m'dzinja amadya goli m'chilimwe. Mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hichilema adalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, Atcheya adadwala mpaka kuonekera nthiti. Anthu ankapempherera mvula chifukwa cha chimanga, inenso ndinkapemphera nawo mokweza kuposa onse, mpaka abusa adandiyamikira pa guwa. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ine ndimalira matopewo mwachindunji, mvula ndi njira chabe.

Mantha aakulu ndidawaona mu 2022, pamene ndalama za CDF zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, makhonsolo n'kuyamba kugula magireda. Tulo tidandithawa. Ndinkati ndikamva injini yolemera usiku ndimadzuka n'kukasuzumira, kuopa kuti abwera kudzachotsa Atcheya paudindo. Msungichuma adandiuza kuti, "Gonani bambo, mukudziwa dziko lanu." Mpaka lero mayiyu sanalakwepo pa nkhani ya ndalama.

Koma pali usiku wina umene sindiuseka. Pikapu inatitimira mvula ikugwa, kumbuyo kuli mayi wodwala pakati, matenda atayamba kale, kuchipatala chaching'ono atamutumiza ku chachikulu cha ku boma. Tidakumba ndi tochi ya pafoni, mwamuna wake akukumba ndi manja. Zitakanika tidamunyamulira pangolo mpaka kutsidya kumene kunali galimoto ina. Palibe amene adatchula mtengo, ndipo m'mawa msungichuma sadafunse. Zoona zake n'zakuti kampani yanga siyenera kukhalapo. Mlimi wa kuno amalipira msewu umodzimodzi katatu: pa lita iliyonse ya mafuta pali msonkho wopita ku thumba la misewu, venda wogula soya amamudula mtengo ponena kuti njira ndi yoipa, kenako amalipira ine. Pamalo pamenepa sipakufunika tala kapena mlatho wotsegulira ndi riboni. Pakufunika kalavati imodzi yabwino, ndi munthu wotsegula ngalande mvula isanagwe, ndi wina wofunsa kontilakita chifukwa chimene walandirira ndalama ntchito ili milu. Tsiku limene zimenezi zidzachitike ndidzagulitsa tcheni ndi mtima woyera.

Chovuta n'chakuti amene angalamule zimenezi sadakumanepo ndi Atcheya. Malamulo a dziko lino amati zisankho zizichitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti, ndiye ofuna mavoti amatipeza mu Juni ndi Julaye, kuli gwa, amadutsa padambo paja pa liwiro, fumbi lili kobo, n'kukatiuza pamsonkhano kuti aona okha kuti msewu ukufunika kungopalidwa pang'ono. Pempho langa kwa aphungu ndi laling'ono. Kamodzi kokha, tisunthireni zisankho mu Febuluwale, ndipo msonkhano waukulu ukachitikire kutsidya kwa dambo lathu. Ng'ombe zadipidwa, goli ndi latsopano, mnyamata wokuwa wachira chifuwa. Mtengo wa Land Cruiser ya magalasi akuda tidzakambirana tcheni chisanamangidwe, ndipo msungichuma wanenetsa kuti zitenje, zipewa ndi malonjezo sitilandira.