Mpunga wa Alefa ndi Omega

Masiku ano ndikamaseka ndimaphimba pakamwa. Anthu a pa Bwanje amayesa ndi ulemu wobwera ndi imvi, koma chilungamo chake n'chakuti kumanzere kwa nsagwada yanga kuli mpata woti wakabaza angadutsepo osatsika panjinga. Mpatawu uli ndi mbiri yake, ndipo ndakhala ndikuikhotetsa nthawi yaitali. Lero ndiiwongole.

Mtsikana wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu adasankhidwa kukaphunzira udokotala wa mano ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre. Dzina lake ndilisunga, popeza wolakwa m'nkhaniyi si iye. Ife tidayamba kumutcha Adokotala tsiku lomwelo, asanagwireko dzino ngakhale la mbuzi. Kunyada kwathu kudali ndi chifukwa. Maphunziro amenewa adangoyamba mu 2019, sukuluyo ikadali College of Medicine, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. M'mbuyo monsemo wofuna udokotala wa mano ankachita kutuluka m'dziko, ndipo madokotala oterewa m'Malawi monse sankafika 50. Tsono apa mwana wa mayi wamasiye wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M5 akulowa m'kaundula wa anthu owerengeka chotero.

Ife amene tidaphunzira pa sekondale imene iye adaphunzira, ena kuyambira nthawi ija inkatchedwa MCDE, tidakumana pansi pa mtengo wa mango n'kugwirizana zomuthandiza. Ngongole ya boma imalipira fizi, koma siphika ndiwo. Tidali anthu 23: aphunzitsi, namwino, wapolisi, woyendetsa minibasi, ndi anyamata awiri a ku Joni amene ankasonkha kuposa tonse. Aliyense osachepera K5,000 pamwezi. Pa udindo wa msungichuma adaloza ine, chifukwa ndidaphunzitsa masamu zaka zambiri ku pulayimale komanso m'golosale mwanga muli dilowa ya loko. Chaka choyamba zidayenda. Mwezi ukatha ndinkamutumizira za lendi ndi chakudya pa foni, zotsala n'kutsekera.

Vuto lidabwera pa tchuthi, mtsikanayo atabwera kudzatithokoza. M'mawu ake adatchulamo gulu lina la kunja lotchedwa Alpha Omega. Adati lidayambika mu 1907 mumzinda wa Baltimore ku America, ndi ophunzira a Chiyuda a za mano amene ankasalidwa m'sukulu zawo. Poona kuti magulu a anzawo akuwatsekera kunja, adapanga lawo, ndipo amene atsiriza maphunziro ankatembenuka kukoka amene ali m'mbuyo: kuwalangiza, kuwathandiza pa ndalama, kuwatsegulira makomo a ntchito. Pofika 1953, adatero, gululo lidathandiza kukhazikitsa sukulu ya madokotala a mano ya Hebrew University ndi Hadassah ku Jerusalem.

Anzanga adamva phunziro la kupirira. Ine ndidangomva mawu amodzi okha: sukulu. Usiku umenewo ndidatenga choko n'kuchotsera 1907 mu 1953. Zaka 46. Ndidaseka ndekha. Zaka 46 kuti amange sukulu imodzi? Anthuwo adalibe msungichuma wa masamu.

Choyamba ndidasintha dzina la gulu. Ndidalembetsa chikwangwani chakuti ALEFA NDI OMEGA WA KU BWANJE n'kuchikhoma pakhonde la golosale. Sindidaganize kuti kwathu kuno mawu amenewo aliyense amawadziwira m'buku la Chivumbulutso. Lamulungu lotsatira ndidapeza amayi asanu ndi mmodzi atakhala pakhondepo, atafunda bwino, akudikira mapemphero. Wina adabwera ndi mwamuna wake womangidwa chingwe, akuti ali ndi ziwanda za kachasu. Lachitatu abusa athu adandiitanitsa kudzandifunsa modekha kuti kodi masomphenyawo ndidawaona liti. Munthu wanzeru akadazula chikwangwanicho. Ine ndidangowonjezera mawu pansi pake: SI MPINGO. Anthu adati ndiye kuti ndi utumiki.

Mu June 2023 Adokotala adaimba foni. Adati maphunziro afika poti popanda laputopu sangayende, wakhala akubwereka ya mnzake usiku mnzakeyo akagona, ndipo wapeza yogwiritsidwapo kale ntchito ya K450,000. M'dilowa mudali K780,000. Ndikadangoyenda mapazi makumi awiri kupita kwa ejenti, nkhani ino sikadakhalapo.

"Mwananga," ndidatero, "ndalama ili ngati nkhuku. Ukaidya ikadali msoti, sudzaona mazira. Pirira mpaka January."

Adangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Ana olera bwino ndi amene amatiwononga ife akuluakulu.

Nzeru yanga idali ya mpunga. Aliyense kuno amadziwa kuti nthawi yokolola mlimi amagulitsa motchipa chifukwa cha ngongole, ndipo ikafika miyezi ya njala mtengo umakwera. Ndidakwera galimoto kulowera cha ku Mtakataka, kusikimu ya Bwanje Valley ija ya mahekitala 800, yomangidwa ndi thandizo la Japan, imene imamwa madzi a Namikokwe. Ndidabwerako ndi matumba 26 a kilombero wosapuntha. Komiti sindidaiuze, pofuna kudzaidabwitsa. Mayi a kunyumba sindidawauze, chifukwa iwo sadabwa, amafunsa mafunso. Ndidakasungitsa matumbawo kwa alamu anga, ndipo poopa kuti angasakanikirane ndi awo, ndidalemba pa thumba lililonse ndi penti wofiira: ALEFA NDI OMEGA, THANDIZO.

Mu October m'mudzi mwa alamuwo mudagwa maliro a nyakwawa. Maliro a kwathu ku Ntcheu mukuwadziwa: anthu adachokera ku Sharpevale, ku Kasinje, ena mpaka ku Bilira, ndipo onse adabwera ndi mimba zawo. Ufa utatha tsiku lachiwiri, alamu adakumbukira kuti m'chipinda mwawo muli thandizo la utumiki. Adatulutsa matumba asanu ndi anayi. Ine ndidafika pa tsiku loika, ndipo ndidadabwa kuona anthu akundipatsa mpando wa ndalema pafupi ndi mafumu. Woyendetsa mwambo atafika pa zipepeso adati, "Mwapadera tithokoze Alefa ndi Omega kudzera mwa mtumiki wawo ali apayu." Anthu adang'ung'udza mokhutira. Ndidaimirira, n'kuwerama pang'ono. Inde, ndidawerama. Pambuyo pake adandibweretsera mbale ya mpunga, ndipo ndidadya laputopu ya mwana wamasiye ndi nyama ya mbuzi.

Mbiri itamveka kuti kwa alamu kuli thandizo, agogo ndi ndodo zawo adayamba kufika m'mamawa uliwonse. Alamu anga, amene panthawiyo ankafuna mpando m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi, sadabweze munthu. Nditawafunsa, adandiyang'ana modabwa. "Alamu, mwalemba nokha kuti thandizo. Ine sukulu sindidapite patali, koma kuwerenga ndimatha."

Ndidadzitonthoza kuti matumba 11 otsalawo akakwera mtengo abweza zonse. Pa 9 November boma lidatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mpunga wanga udakweradi pang'ono, koma laputopu siimera m'dambo la Bwanje, imabwera ndi dola, ndipo idathawa ngati gwape. Kenaka mu December mphepo ya mkuntho idasasula denga la alamu usiku. Pamene ndinkafika patapita masiku anayi, matumba asanu ndi awiri adali atamera, obiriwira bwino ngati nazale. Ndidaima pakhomo kuwayang'ana, ndipo kunena zoona, mbewuyo idali yabwino.

Pa misonkhano ndinkawerenga malipoti okoma. "Chuma chathu chili bwino, chikugwira ntchito." Wapolisi uja atafunsa kuti chikugwira ntchito kuti, ndidayamba kufotokoza za Baltimore mpaka dzuwa lidalowa. Za lendi ya mtsikana ndinkatapa m'golosale, mwezi wina theka, mwezi wina mochedwa, mpaka m'mashelefu mudatsala machesi ndi maswiti. Tulo tidatha. Usiku ndinkakhala pakauntala kuwerengera ndi kuwerengeranso, ndikutafuna maswitiwo limodzi limodzi, mbandakucha n'kukagona osagwira mswachi.

Dzino lidayamba mu January, mwezi womwe ndidalonjeza mazira. Lidali la kumapeto kwenikweni, lobooka kale, ndipo linkagunda ngati ng'oma. Kuchipatala sindidafune kupita, chifukwa namwino wa m'gulu lathu akadandifunsa za lipoti. Ndidaika asipulini pankhama, nkhamayo idapsa n'kuyera. Tsiku la msika ndidapita kwa mkulu wina amene amati amatulutsa nyongolotsi za m'mano. Adandifunditsa chitenje, kundifukiza utsi wa njere zina, n'kundionetsa tinthu toyera tikuyandama m'beseni. "Zisanu ndi ziwiri, bambo. Zimadya inu." Ndidalipira K3,000 mosangalala. Patapita masiku awiri tsaya langa lidatupa ngati papaya, diso lakumanzere likungosuzumira.

Ndi m'mene Adokotala adandipezera, nditabisala kuseri kwa kauntala. Adali atabwera kudzaona mayi ake. Adagwada pang'ono pondipatsa moni, kenaka adandiuza kuti ndiyasame. Pakamwa padangotseguka moti chala chimodzi n'kulowa.

"Aphunzitsi, mwachita chiyani?"

Ndidamuuza za nyongolotsi. Sadaseke, ndipo zimenezo zidandipweteka kuposa akadaseka. Adandifotokozera ngati mwana wa Sitandade 3 kuti m'dzino mulibe nyongolotsi. Muli mabakiteriya amene amadya shuga wotsalira n'kutulutsa asidi, asidiyo n'kumakumba dzino mpaka kufika pa mtsempha. Mtsempha ukafa mafinya amasonkhana kumizu, ndipo kutupa kukatsikira kukhosi munthu amatha kubanika. Tinthu ta m'beseni tija, adati, tidali tochokera mu njere zomwezo.

"Ndiye zula, mwananga. Pulayala ili m'dilowamo."

"Sindinaloledwe, aphunzitsi. Ndikadali wophunzira. Tiyeni ku boma lero lomwe."

Ndidatsegula dilowa ya loko ija, iye akuona. Mudali pulayala, chidindo cha Alefa ndi Omega, ndi K800. Sadanene kanthu. Adamasula kansalu m'chikwama chake n'kuwerenga ndalama ya minibasi ya anthu awiri. Ndidamva pambuyo pake kuti ndalamayo ankaipeza poluka tsitsi la anzake Loweruka ndi Lamulungu, chiyambire pamene thandizo lathu lidayamba kutsimphina.

Tidadutsa Bilira tili chete. Pofika pa Chingeni mtima udandikanika, ndipo ndidaulula zonse ndi pakamwa potseguka theka, malovu akutsika, kondakitala akutchera khutu: June, matumba 26, penti wofiira, maliro, mvula. Nditamaliza ndidadikira kuti alire, kapena atsike.

"Ndimadziwa, aphunzitsi," adatero akuyang'ana pawindo. "Amayi adaliko kumaliro kuja. Adandiimbira foni usiku womwewo."

"Adati chiyani?"

"Adati mpungawo unali wonunkhira."

Kuchipatala adandipatsa mankhwala oti kutupa kuphwe, ndipo patapita masiku angapo mnyamata wina wodekha adandibaya jakisoni wa dzanzi n'kulizula. Mtsikanayo adaima pambali atagwira chipewa changa, akufunsa mnyamatayo mafunso a ntchito ndi kulemba m'kabuku. Pa zonse zimene gulu lathu lidamulonjeza chaka chimenecho, chophunzirira chokha chimene chidamufika pa nthawi yake chidali pakamwa panga.

Msonkhano wotsatira ndidaulula pamaso pa onse, thonje lili m'kamwa. Anyamata a ku Joni adalankhula pa foni mawu amene sindingawalembe. Wapolisi adati nkhaniyi ili ndi dzina lake m'malamulo, koma a tcheya adapempha kuti ithere pansi pa mango pomwepo. Ndidagulitsa mbuzi zisanu, njinga, ndi matumba anayi opulumuka aja. Mayi a kunyumba adawonjezerapo za ku banki m'khonde, ndipo chiwongoladzanja chake ndikulipirabe m'mawu tsiku lililonse. Laputopu idagulidwa mu April, mochedwa ndi miyezi khumi, pa mtengo woti mu June tikadagula ndi chosindikizira chomwe.

Udindo adaupereka kwa mayi wina wogulitsa mandasi pa siteji, amene sadawerengepo lipoti loposa mizere itatu. Pa 1 mwezi uliwonse amatumiza ndalama, n'kuonetsa uthenga wa pa foni kwa aliyense wofuna kuona. Chaka chino ayamba kuthandizanso mnyamata wina amene wapita ku zaunamwino. Tsiku lina ndidayesa kuwafotokozera kuti pa liwiro limeneli sukulu tidzamanga patatha zaka 46. Adandiyang'ana, n'kundiuza kuti mipando ya msonkhano sinanyamulidwe.

Ndiyo ntchito yanga tsopano. Chikwangwani chija ndidachizula, chikutchinga khola la nkhuku kuseri kwa nyumba. Koma mpaka lero, Lamulungu lina m'mawa, pamapezeka gogo mmodzi pakhonde la golosale, atagwira kathumba kopanda kanthu, akufunsa ngati mtumiki wadzuka.