Ndalama ya pa gitala

Mlandu wonsewu ndi wa Johnny Cash, kungoti mwini wakeyo anatisiya mu 2003, sangabwere kudzadziyankhira. Ife amene tinakulira pa wailesi ya MBC, nyimbo za country zinatilowa m'magazi: Jim Reeves, Don Williams, Dolly Parton. Koma wanga mtima unali pa Cash ndi mkazi wake June Carter. Munthu kufunsira mbeta pa siteji, chikhamu chikuonerera, ku London ya ku Canada mu 1968, mkazi n'kulola! Ndinati nafenso tingathe. Mayi a kunyumba amatsogolera nyimbo ku kwaya ya amayi, ine gitala ndimaikhudzako.

"Bambo, kodi nyimboyi mukuimva zimene ikunena?" anandifunsa tikuyeserera nyimbo ina ya awiriwo. Ndinawayankha kuti anthu savina galamala.

Mwayi unapezeka pa ukwati wa mng'ono wawo ku Salima, mwezi wa Okutobala. Ndinavala zakuda kuyambira chipewa mpaka nsapato, monga ankachitira Cash, thukuta lili kamukamu. Apongozi atandiona anaitana mwana wawo pambali n'kumunong'oneza: "Kodi kwawo kwa bambowa kwagwa zovuta?"

Tsono pali kaluso kena. Cash atayamba kujambula nyimbo ku Sun Records, mumzinda wa Memphis, gulu lake linalibe woimba ng'oma. Ndiye ankalowetsa kapepala m'nsambo za gitala kuti akamakhwatcha pazimveka tchaka-tchaka, ngati sitima ikuthamanga pa njanji. Mvetserani "I Walk the Line" ya mu 1956, mudzakamva. Ine kapepala ndinaiwala kunyumba. Ndinasolola K2,000 yanga, yomwe inali mbali ya thiransipoti yobwerera, n'kuipinda bwinobwino m'nsambo. Tsoka ilo, ndinachita zimenezi nditawerama pafupi ndi lichero la perekaniperekani.

Tinayamba "Jackson", nyimbo ya mu 1967 imene inawapatsa awiriwo mphoto ya Grammy. Mayi mawu anatulutsa, ntchemberezo n'kuyamba nthungululu. Ndinadziona ndafika.

Sindinadziwe kuti amalume a mkwati, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anali kumasulira nyimboyo mokweza kwa ankhoswe. Ati ndi ya banja lomwe chikondi chinazilala kalekale: mwamuna akuopseza kuti akupita m'tauni kukasangalala ndi akazi, mkazi akumunyogodola kuti pitani mukachite manyazi. Nthungululu zija zinayamba kuzima mzere ndi mzere. Mkwatibwi anayang'ana mkulu wake, mkulu wakeyo anayang'ana ine, uku akuimbabe.

Apo n'kuti mayi wowerengera ndalama atandiyang'anitsitsa kale. Anadzuka, chitenje m'chiuno mangeni, n'kudzazula K2,000 ija nyimbo ili m'kati. "Iyi yachokera m'lichero, ndinakuonani!" Ng'oma yanga inathera pomwepo. Woyendetsa mwambo, m'malo mondithandiza, analengeza pa chimkuzamawu kuti alamu abweza okha chimene anabwereka. Anthu anaomba m'manja kuposa mmene anaombera nyimbo.

Mboni ndinalibe. Yoonjezera pa thiransipoti anatipatsa ndi apongozi, atamasula pa mfundo ya chitenje, osandiyang'ana kumaso. Mu minibasi mayi analankhula kamodzi kokha, titadutsa Mvera: "Anthu savina galamala, eti bambo?"

Iwo abwerera ku kwaya yawo, ankhoswe athu akhala pansi Loweruka likubwerali. Gitala ija ndikugulitsa, chipewa n'chaulere. Amene mukuifuna fulumirani, nsambo zonse zilipo.