Mabowo asanu ndi awiri pa denga la apongozi

Ndivomere lero kuti mabowo aja ndinaboola ndine. Sanali ana oponya miyala, ndipo malatawo sanachoke ku Limbe ali obooka kale monga ndinanenera poyamba pamaso pa ankhoswe.

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi kutchaja mafoni pa Chiringa, ndipo magetsi anga ndi a sola. Choncho dzuwa ndiye bwana wanga. Mitambo ikakhazikika pa Michesi masiku atatu, kunyumba ndiwo zimakhala chigwada. Tsiku lina msika utazizira, ndinatenga foni ya kasitomala imene inali ndi bandulo (mlandu uwu ndi wina, tiusiye), n'kupeza nkhani yoti akatswiri amayeza kukula kwa nyenyezi ngati telala akuyeza chiuno.

Chifukwa chake ndicho chinandikola. Nyenyezi imasandutsa mpweya wa haidirojeni kukhala hiliyamu pakati pake, ndipo ikamakalamba imafufuma pang'onopang'ono n'kumawala kwambiri. Ukadziwa kukula kwake, kulemera kwake ndi kutentha kwake, ukhoza kuyerekeza zaka zake, monga amachitira ogula mbuzi poyang'ana mano. Mapulaneti ake nawonso amadziwika kudzera mwa iyo. Pulaneti ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, kuwala kumachepa pang'ono. Yaikulu ngati Jupiter ingaphimbe gawo limodzi mwa magawo 100 a kuwala kwa dzuwa lathu. Koma kuchepako kumangokuuza kuti mwana amafika pati pa msinkhu wa make. Ukaphonya muyeso wa mayi, mwanayo wamuphonyanso.

Ndinawerenganso kuti mu 1920 Albert Michelson ndi Francis Pease, ali pa Mount Wilson ku California, anamangirira chitsulo chotalika mamita 6 chokhala ndi magalasi pamwamba pa telesikopu, n'kuyeza nyenyezi yofiira yotchedwa Betelgeuse. Anthu awiri, chitsulo ndi magalasi basi. Ndinayang'ana mawaya ndi mapulayala a pa tebulo langa, mtima n'kunena kuti kusiyana kwathu n'kochepa.

Nyenyezi yapafupi kuposa zonse ndi dzuwa lomweli, ndipo kuliyeza sikufuna ndalama. Umaboola kabowo, kuwala n'kugwera pansi m'chipinda chamdima. Kadontho kozungulira kamene kamaoneka pansipo ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Mtunda wochoka pa bowo kufika pansi umaugawa ndi kukula kwa kadonthoko. Kenaka makilomita 150 miliyoni a pakati pa ife ndi dzuwa umawagawa ndi nambala imene wapezayo. Kwatha. Ndinadziwanso kuti kwathu kuno, kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, moti masana kuwala kumatsika choongoka. Apa ndinakhoza, ndipo ndikupempha kuti pakumbukiridwe.

Vuto linali denga. Nyumba yanga ndi yaudzu. Ya apongozi ndi yaitali, yamdima bwino, ndipo malata ake ndi atsopano, amene alamu anga a ku Joni anagula chimphepo cha Freddy chitasasula akale mu Malichi 2023. Mkamwini wanzeru nyumba imeneyi amaidutsa chapatali, chipewa chili m'manja. Koma apongozi anali ku maliro ku Migowi, ndipo kiyi anasiyira mkazi wanga.

Bowo loyamba ndinaboola ndi msomali wa mainchesi sikisi. Linakula kwambiri, ndipo bowo likakula limawonjezera kukula kwa kadontho, muyeso n'kusokonekera. Lachiwiri kuwala kunagwera pa mtanda wa denga. Lachitatu kunagwera pa kabati ya mbale. Lachinayi ndinadzimenya chala ndi hamala, moti sindiliwerengera ngati ntchito ya sayansi. Lachisanu ndilo linabala: kadzuwa kozungulira bwinobwino pa simenti, kakuyenda mwakachetechete ngati nkhono. Ndinagwada, misozi ili pafupi. Zimenezi sindikunama.

Ndinayeza ndi tepi ya mkazi wanga yosokera. Kuchoka pa bowo kufika pansi, 324. Kadontho, 1.2. Kugawa, 270. Makilomita 150 miliyoni kugawa ndi 270, panatuluka 555,000 ndi kanthu. Mabuku amati dzuwa ndi lotambalala makilomita pafupifupi 1,390,000, moti maiko 109 ngati lathuli akhoza kundandalikana kuchoka mbali ina kufika ina. Langa silinafike ngakhale theka.

Munthu wina akanakayikira tepi. Ine ndinakayikira dzuwa. Ndinaganiza kuti ngati nyenyezi imakula ikamakalamba, ndiye kuti lathuli ndi khanda, zaka 4.6 biliyoni zimene amanenazo ndi zabodza. Apo ayi layamba kuphwa. Madzulo ndinakazinena pa bawo, monong'ona, kwa anthu anayi okha. Pofika mmawa amayi ogulitsa tomato anali atamva kuti mwini sola wayeza ndipo dzuwa latsala theka. Mkulu wina anabwera ndi sola yake kuti ndiigule msanga isanathe ntchito. Ndinaigula motchipa, ndipo ichinso chinadzatchulidwa pa mlandu.

Usiku wotsatira ndinafuna kutsimikiza ndi nyenyezi ina. Alpha Centauri ndi yowala kwambiri, ili pafupi ndi mtanda wa nyenyezi wa kummwera uja, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutifike. Kwenikweni ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana. Akatswiri analengeza mu 2003 kuti anaziyeza pa phiri la Paranal ku Chile, pophatikiza kuwala kwa matelesikopu awiri otalikirana: ina imaposa dzuwa ndi magawo pafupifupi 22 pa 100, inayo imachepera ndi 14. Mnzawo wachitatu, Proxima, ali ndi pulaneti imene inalengezedwa mu 2016, yomwe chaka chake chimatha masiku 11. Ndinaboola mabowo ena awiri chakummwera, n'kukhala pansi mumdima ndi tepi yanga. Sipanagwe kanthu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kukula kwa nyenyeziyo kumaoneka ngati ndalama yachitsulo yoimikidwa ku Karonga iwe uli pa Chiringa, komanso kuti nyengo yake yooneka bwino ndi ya chisanu, Meyi mpaka Julayi. Ine ndinkaidikira mu Novembala.

Chimene chinabwera ndi anthu. Kuno ku Phalombe, chichitikire mphekesera za anamapopa mu 2017, kugogoda pa denga la nkhalamba usiku si masewera. Ndinapulumuka chifukwa mnyamata wina anazindikira mawu anga, n'kukuwa kuti foni yake ili kwa ine.

Amene anamasula nkhani ndi mwana wa mlamu wanga wamkazi, wa Fomu 3. Anatenga tepi ija, n'kuitembenuza kawiri.

"Bambo, denga mwayeza mbali ya masentimita, kadontho mwayeza mbali ya mainchesi."

Inchi 1.2 ndi masentimita atatu. 324 kugawa ndi 3 ndi 108, ndipo 150 miliyoni kugawa ndi 108 ndi 1,389,000. Dzuwa linali lonse, bwinobwino. Ndinamupatsa ya mandasi kuti asaulule, koma anali atauza kale aphunzitsi ake.

Mabowo ndinawamata ndi sopo. Mvula yoyamba inagwa apongozi atabwera kale, usiku, ya mabingu. Sopo anachita thovu. Bowo lachisanu, lija la sayansi yeniyeni, linali pamwamba pa malo amene anasunthira thumba lawo la feteleza wa yureya, ndipo yureya akaona madzi amasungunuka ngati shuga. Lachisanu ndi chimodzi linalunjika pa bedi.

Pa bwalo apongozi sanandiyang'ane. Analankhula kwa amalume a mkazi wanga: "Afunseni bambowa, dzuwalo analipeza kuti lakwana?"

Ndinayankha nditazolika kuti eya amayi, lakwana.

Anagamula kuti ndigule malata atatu ndi thumba la feteleza, ndibweze sola ya mkulu uja, ndipo makwerero azikhala kwa amalume. Malata awiri ndagula. Lachitatu ndikusonkherabe, ndiye amene muli ndi mawailesi akufa bweretsani, ndili kuseri kwa ogulitsa usipa.