Foni yanga imamvera mphuno

Mwana wa mlongo wanga wa ku Joni ananditumizira foni yopanda mabatani, ija yagalasi lokhalokha. Akuti, "Atsibweni, muzingoikhudza basi." Ndinaikhudza. Foni ili duu.

Ana asukulu akuti galasi limenelo silisamala za mphamvu. Limamva timagetsi tam'thupi, ndipo timeneti timadutsa bwino pakhungu lofewa, lachinyezi. Ndiye taonani chala changa. Chakulira pampini wa khasu, chathyola fodya kuno ku Dowa chiyambire nthawi ya Kamuzu, utomoni wake ngakhale sopo anaugonjera kalekale. Khungu lili gwa ngati khungwa la muwanga. Amene anapanga foniyi chala chotere sanachionepo. Ngakhale mu 2017, polembetsa chiphaso cha unzika, kamakina kojambula zala kanandikana mpaka anandiuza kuti ndiyambe ndapaka chalacho thukuta la pachipumi.

Ndinayesa kunyambita chala, batire n'kutha ndisanayankhe munthu. Kenako ndinatulukira kuti chiwalo changa chomwe sichinagwirepo ntchito yakumunda ndi mphuno. Foni ikalira ndimaijompha, n'kuikwekwesa chakumanja, moni n'kumveka. Pa Mponela mayi wina atandiona anakokera mwana wake kuseri kwa chitenje.

Za netiweki ndiye musanene. Kwa apongozi anga ku Ntchisi, mudzi uli m'chigwa, mapiri uku ndi uku. Mawu amamveka malo amodzi okha: pachulu, utaima chonyomphera, dzanja m'mwamba, khosi chokhotetsa. Tsoka lake chulucho chili kuseri kwa bafa la apongozi aakazi. Mkamwini wanji wopezeka pamenepo akununkhiza galasi? Ndikakhala kumeneko foni ndimangoisiya izilira.

Chomwe chandiwawa kwenikweni n'chakuti imawerenganso mapazi. Akuti munthu aziponda ka 10,000 patsiku, nambala yomwe inatchuka ku Japan mu 1965 potsatsa kachipangizo kowerengera mayendedwe. Ine mbandakucha ndili kudimba, masana ndakwera phiri kukafuna milimo ya chigafa, madzulo ndikuthamangitsa mbuzi m'chimanga cha eni. Nthawi yonseyo foni ili phee pa shelefu ya mnyamata wotchajitsa, poti magetsi kwathu timangoonera mawaya.

Dzulo nditakaitenga, miyendo ili nyontcho, inalemba uthenga wachingerezi. Mwana anatanthauzira mokweza pamaso pa mayi ake: akuti ndakhala pansi tsiku lonse, ndidzukeko ndiyende pang'ono.

Mayi akunyumba sanatembenuke n'komwe pamphika. Anangoti foni siinama.