Sindinakhwime, Amayi

Johannesburg

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Madziwa. Ife kuno tili gwa, kungoti chisanu cha Juni chikutikwapula.

Ndamva kuti azakhali alengeza kuyambira kukomboni mpaka kumsika wa ku Bindura kuti ndakhwima, ati ndikuweta chikwambo m'nyumba. Wandigwetsa m'mavutowa ndi mdzukulu wanu, amene anatumiza chithunzi pa WhatsApp osandifunsa. Mtima m'malo, Amayi. Kanthu ka pachithunzi kaja ndi axolotl. Abwana amene ndinkawalimira maluwa anandisiyira posamukira ku Cape Town, pamodzi ndi thanki yake yagalasi.

Kwawo ndi ku Mexico, m'madzi a Xochimilco, ndipo kumeneko mtundu wake watsala pang'ono kutha. Ndi kachibale ka chule, koma kamakalamba kali m'madzi, osakwera kumtunda. Khungu lili ngati la khanda la mbewa, timiyendo tinayi, tinthenga topumira titatu uku titatu uku, ndiye kukamwa kongomwetulira usana ndi usiku.

Kumwetulirako ndiko kwasokoneza banja. Mpongozi wanu anati sangamasule chitenje pamaso pa chinthu chomuseka, thanki n'kusamukira pabalaza. Alamu atabwera anakayang'anitsitsa, kenaka n'kufunsa ngati kamafuna tomato kapena nsinjiro. Mphaka anasiyiratu makoswe, amangoti khale pachivundikiro, ndipo shifiti yake ikuposa ija ankagwira malemu bambo mgodi wa nickel usanatsekedwe. Galu anakauwa tsiku lonse, iko duu, osaphethira poti kalibe zikope. Lero amadutsa pabalaza atapinda mchira.

Zinafika poipa pamene kanadzivulaza n'kuduka kamwendo. Patapita milungu ingapo kamwendo kanameranso, ndi zala zomwe. Ndi chibadwa chake, madokotala mpaka amakafufuza, koma mpongozi wanu anathamangira abusa. Abusawo anapemphera mwamphamvu, diso limodzi lili kuthanki, phazi limodzi lili pakhomo.

Tsono muwafunse azakhali: chikwambo chanji chodya mwini wake? Kameneka madzi akapitirira madigiri 20 kamadwala. Disembala yense ndinkagula ayisi wa m'thanki, adzukulu anu akumwa madzi ofunda. M'bandakucha ndimakumba nyongolotsi kuseri kwa nyumba, aneba n'kumanong'onezana kuti ndikukwirira mankhwala. Akuti kamatha kukhala zaka 10 kapena kuposa, ndiye ine ndalembedwa ntchito yachiwiri yopanda malipiro. Ndikadakhwima, bwenzi denga lanu likudonthabe?

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, mugule ufa ndi sopo. Azakhali muwagulire shuga, pakamwa pakhale ndi chochita.

Moni kwa onse a kutchalitchi, koma chithunzi chija musawaonetse.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni