Mmene mungaphere filimu yanu ya wakuba ku Chifunde

Mnyamata aliyense amene wagula foni ya kamera ndi ndalama za fodya akufuna kujambula filimu yaupandu ya mphindi khumi. Nkhani yake sisowa: mlimi wa ku Nsadzu wagulitsa mabelo ake, mametikali wakwirira pansi pa nkhokwe, kukucha dzenje lili pululu. Chatsala n'kuiwononga nkhaniyo mwaluso.

Musatopetse owonera ndi kuganiza. Wakuba aoneke filimu ikangoyamba, atavala magalasi akuda usiku, chipsera cha makala patsaya, kuseka kwake kukhale kwa mfiti ya m'mafilimu a ku Nigeria. Asanabe, alankhule yekha mokweza kuti akukaba, atchulenso ngongole imene yamufikitsa pamenepo.

Kamera musaipatse ntchito. Pali anzeru ena amene angakunamizeni kuti ingoonetsani mkwasa wa tayala la njinga kuseri kwa nkhokwe, matope a mtsinje wa Luia pansapato ya mlamu amene akulumbira kuti sanachoke pakhomo, kenako malata atsopano akung'anima padenga pake chaka chimene sanalime fodya. Ati owonera alumikiza okha. Akanireni. Pezani mayi wopita kumadzi, aime pakati pa chithunzi ndi ndowa pamutu, afotokoze zonsezo kawiri, kachitatu abwereze m'Chipwitikizi kuti a ku Tete asadandaule.

Pa kasewero ndiye pofunika mphamvu. Woberedwa agubuduke m'fumbi, ang'ambe malaya, aitane makolo ake onse mayina. Zoti angokhala pakhonde, ayang'ane dzenje lija kamodzi, n'kupitiriza kukonola chimanga manja akunjenjemera, n'zoopsa: anthu angamve chisoni chenicheni pomwe anabwera kudzaseka. Mlamu naye, nyakwawa ikamufunsa, asameze malovu n'kubisa nsapato pansi pa mpando. Atuzule maso, achite chibwibwi, akomoke.

Wina akakutchulirani Resgate, filimu ya Mickey Fonseca ya 2019 yonena za kuba anthu ku Maputo, imene inafika pa Netflix mu 2020, muyankheni kuti awo ndi a m'tauni.

Koposa zonse, talikirani bwalo la gule, chifukwa ndi kumene kungakusokonezeni mutu. Chilombo chikatulukira, nkhope yake sisuntha ngakhale pang'ono. Chimangopendeketsa khosi, kukoka mwendo, kuima mwadzidzidzi ng'oma zikulira, basi ana athawa, amayi afa nacho chiseko chifukwa adziwa kale khalidwe la yani likunyogodoledwa. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, koma anthu akuno anayamba kalekale kuwerenga nkhani m'mapewa ndi m'mapazi. Wosewera wanu atati akhale chete angamumve bwinobwino, nanga masamba makumi atatu a zokamba amene munalemba usiku wonse mukawapereke kwa yani?

Pomaliza wakuba athawe pa njinga yamoto kulowera kumalire a ku Cassacatiza, mudzi wonse ukumuthamangitsa ndi mipini, nyimbo itakwezedwa mpaka mawu asamveke. Asanawolokere ku Chanida batire ya foni idzakhala itatha. Lembani kuti gawo lachiwiri likubwera, mudikire fodya wa chaka chamawa.